Kutchera Pampu ya Dizilo Galimoto Ikakonzedwera Pakhomo

Nyengo ya manachesi ikafika m'boma la Mwanza, galimoto iliyonse yokhoza kunyamula katundu imakhala pamsewu. Mapikapu ndi malole ang'onoang'ono amatuta zipatso kuchokera kwa Kanduku, kwa Nthache ndi ku Thambani kupita nazo paboma, ndipo ena amalowa msewu wa M6 mpaka ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Ambiri mwa magalimotowa ndi akale, oyendera dizilo, ndipo akawonongeka eni ake amawakonzera pakhomo pofuna kupulumutsa ndalama. Koma kawirikawiri galimoto ikamangidwanso imayamba kuvuta kulira, kufuka utsi ndiponso kulephera chitunda chomwe kale inkakwera mosavuta. Gwero la mavutowa nthawi zambiri limakhala pampu ya dizilo yomwe yabwezedwa osatcheredwa bwino.

Ntchito ya pampu

Injini ya dizilo, yomwe inatenga dzina la katswiri wa ku Germany, Rudolf Diesel, ilibe mapulagi otulutsa moto monga ya petulo. Pisitoni imapanikiza mpweya m'silinda mpaka mpweyawo kutentha kupitirira madigiri 500, ndipo dizilo akapoperedwamo amayaka yekha. Ntchito ya pampu ili pawiri: kupereka muyeso woyenera wa mafuta, ndi kuwapereka pa nthawi yake yeniyeni, pisitoni ili pafupi kufika pamwamba. Kampani ya Bosch inayamba kupanga mapampu otere ochuluka mu 1927, ndipo magalimoto ambiri akale a Toyota ndi Isuzu ali ndi pampu ya mtundu wotchedwa VE, yomwe imagawira masilinda onse mafuta motsatizana.

Pampu imazungulira limodzi ndi injini kudzera pa lamba wa taimingi kapena magiya. N'chifukwa chake ntchito ngati kusintha lamba, kuchotsa hedi pofuna kuika gasiketi yatsopano, kapena kumasula pampuyo kuti atseke podontha, imatha kusokoneza nthawi yoperekera mafuta. Lamba akaphonya dzino limodzi lokha, injini imasintha kaliridwe.

Zizindikiro zoyenera kuzidziwa

Mafuta akamachedwa kulowa, galimoto imavuta kulira m'mawa, imatulutsa utsi woyera wonunkha dizilo wosapsa, imafooka ndipo imatentha msanga. Akamafulumira, injini imagogoda mwamphamvu ngati munthu akumenya chitsulo ndi nyundo, ndipo kugogodako kumawononga mapisitoni ndi mabeyaringi. Utsi wakuda umasonyeza kuti mafuta achuluka kuposa mpweya. Apa choyamba kuona ndi fyuluta ya mpweya, popeza fumbi la m'misewu ya kumidzi limaitseka msanga. Utsi wobiriwira ngati mtambo umasonyeza kuti injini ikuwotcha oyilo, ndipo vuto limenelo silikhudza pampu.

Zomwe mwini galimoto angachite

Asanakhudze pampu, wokonza ayenera kutsimikiza kuti m'mapaipi mulibe mpweya. Paipi ya mafuta ikamasulidwa mumalowa mpweya, ndipo injini siilira kapena imalira modukiza. Mpweyawo umachotsedwa popopa kapampu ka m'manja komwe kamakhala pamwamba pa fyuluta mpaka kalimbe. Ngati sizikutheka, manati a mapaipi opita ku mainjekita amamasulidwa pang'ono, injini n'kuzunguzidwa ndi sitata mpaka dizilo atuluke wopanda thovu, kenaka manatiwo n'kumangidwanso.

Chachiwiri ndi zizindikiro za taimingi. Pa mapule a kirankishafuti, kamushafuti ndi pampu pali timizere tomwe timayenera kuyang'anizana ndi tinzake ta pa injini, pisitoni yoyamba ili pamwamba. Lamba akaikidwa, injini izunguzidwe ndi sipanala maulendo awiri athunthu isanalizidwe. Ikakakamira penapake, ndiye kuti mavalavu akugunda mapisitoni, ndipo kuiliza motero kungathe kupinda mavalavuwo. Timizere tionedwenso pambuyo pa maulendo awiriwo.

Chachitatu ndi malo omwe pampu imakhala. Mabowo a mabawuti ake ndi aataliko kuti pampu izitha kupendekeka pang'ono uku ndi uku, ndipo kupendekekako ndi kumene kumafulumizitsa kapena kuchedwetsa mafuta. Wokonza wanzeru amalemba kamzere pa pampu ndi pa injini asanamasule, kuti adzabwezere pomwepo. Ngati kamzereko sikanalembedwe, khutu lokha silikwanira. Pamafunika geji yokhala ndi muvi ngati wotchi, yomwe imalowetsedwa pa bowo la pakati pa mapaipi anayi kumbuyo kwa pampu ya VE. Gejiyo imayeza kayendedwe ka pulanja m'tizigawo ta milimita, ndipo nambala yoyenera imasiyana malinga ndi mtundu wa injini. Nambalayo imapezeka m'buku la injiniyo. Si yongoganizira kapena kubwereka ku galimoto ya mnzako. Makaniko wokhala ndi geji ndiye woyenera ntchitoyi.

Zosayenera kukhudza

Pa pampu pali sikuluu yochepetsa kapena kukweza kaliridwe ka injini galimoto itangoima, ndipo imeneyo ikhoza kutcheredwa injini itatentha. Koma palinso sikuluu ina yowonjezera mafuta, yomwe opanga amaitseka dala. Ena amaipotokola poganiza kuti galimoto ipeza mphamvu zokokera katundu wolemera. Zotsatira zake ndi utsi wakuda, kutha kwa mafuta ndi kutentha kwa injini. Ikapitirira muyeso injini imatha kuthamanga yokha osamvera dalaivala. Zikatero, kuitsekera mpweya ndi thabwa kapena chinthu china cholimba ndi njira imodzi yoizimitsira, koma osati ndi dzanja. Kuyeza muyeso wa mafuta kumachitikira pa makina apadera m'magalaja a akatswiri a dizilo, monga omwe ali mumzinda wa Blantyre.

Dizilo wa m'mapaipi a mainjekita amatuluka ndi mphamvu yokhoza kuboola khungu. Munthu asafufuze podontha ndi chala injini ikulira, ndipo amene walasidwa ndi mafutawo athamangire kuchipatala ngakhale bala likuoneka laling'ono. Magalimoto atsopano a mtundu wa common rail, omwe anayamba kufala mu 1997, amayendetsedwa ndi kompyuta ndipo mphamvu ya mafuta ake imapitirira mabaa 1,000. Amenewa sayenera kutcheredwa pakhomo.

Mafuta abwino ndiwo moyo wa pampu

Zitsulo za m'kati mwa pampu zimatetezedwa ndi dizilo yemweyo kuti zisaperesane. Mafuta a m'zigubu, omwe anthu amathamangira pamene kumalo omwetsera kwauma, nthawi zina amakhala ndi madzi, dothi kapena palafini. Madzi amachititsa dzimbiri, pomwe palafini ndi wouma ndipo amadya zitsulo. Malonda a mafuta m'dziko muno amayang'aniridwa ndi bungwe la MERA, ndipo kugula kumalo ovomerezeka, kukhetsa madzi a pansi pa fyuluta ndi kusintha fyulutayo pa nthawi yake kumateteza pampu. Malangizowa akukhudzanso eni zigayo ndi mainjini othirira mbewu oyendera dizilo.

Galimoto yofuka utsi wambiri ikhoza kulephera kupeza chiphaso cha COF ku nthambi yoona za pamsewu, ndipo yofera panjira itanyamula manachesi imaonongetsa phindu la alimi angapo tsiku limodzi. Choncho amene wakonza galimoto pakhomo ayambe waiyesa yopanda katundu pa mtunda waufupi, akuyang'ana utsi ndi geji ya kutentha. Ikapitiriza kugogoda kapena kufuka, aiimike ndi kuitana makaniko wokhala ndi zida, chifukwa mtengo wotcheretsa pampu ndi wochepa poyerekeza ndi wogula injini ina.