Ndalama zitsate mwana, ngakhale akali pakhomo pa makolo

Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndi mwambi umenewu ife a ku Zambia tinalera ana amasiye miyandamiyanda pamene matenda a Edzi anapululutsa makolo m'zaka za m'ma 1990. Agogo, azakhali ndi amalume ndiwo anasenza katundu ameneyu. Funso limene tifuna kufunsa lero ndi ili: boma likapatula ndalama zothandizira ana ovutika, kodi zizipita kuti? Ku nyumba zosungirako ana, kapena ku banja limene latsala pang'ono kupasuka?

Dziko la America linalimbana ndi funso lomweli kwa zaka zambiri, ndipo pali zimene tingaphunzireko. Mu 1980 boma lalikulu la ku Washington linakhazikitsa thumba lochedwa Title IV-E. Thumbali linali kubwezera maboma a zigawo mbali ya ndalama zimene aononga posamalira mwana amene wacotsedwa kwa makolo ake n'kuperekedwa kwa omulera ena. Vuto linali lakuti ndalamazo zinali kutuluka pokhapokha mwana atacotsedwa. Thumba lina lothandizira mabanja kuti asapasuke, la Title IV-B, linali locepa kwambiri. Conco wanchito wa boma akapeza mayi amene akulephera kusamalira ana cifukwa ca mowa kapena kusowa pokhala, ndalama zocotsera anawo zinalipo, koma zothandizira mayiyo zinali zosowa.

Mu 1994 nyumba ya malamulo inalola kuti zigawo zina zimasulidwe ku malamulo a thumbali kuti ziyese njira zina. Cigawo ca Florida cinayamba mu 2006. Cinavomera kulandira ndalama zoikika pa caka, koma ndi ufulu wozigwiritsa nchito monga caonera: kulangiza makolo, kucilitsa omwerekera ndi mankhwala osokoneza bongo, ndi kuthandiza abale amene atenga mwana. Ana okhala kunja kwa nyumba za makolo ao anacepa kucokera pa 29,000 mu 2006 kufika pa osakwana 20,000 mu 2010.

Koma tisabise mbali yowawa. Mu 2014 nyuzipepala ya Miami Herald inafalitsa nkhani za ana 477 amene anamwalira cifukwa ca nkhanza kapena kusasamalidwa, m'mabanja amene boma linali kuwadziwa kale. Ena mwa anawo anasiyidwa m'nyumba zoopsa makolo atangolonjeza kuti adzasintha. Kusunga mwana pakhomo popanda omuyendera kawirikawiri ndi kumuika m'kamwa mwa mkango.

Mu February 2018 dzikolo linapanga lamulo la Family First Prevention Services Act. Lamuloli linalola kuti thumba la Title IV-E lilipire thandizo la miyezi 12 ku banja mwana asanacotsedwe, makamaka pa matenda a maganizo, pa kumwerekera ndi pa maphunziro a kaleredwe ka ana. Linaletsanso kulipirira mwana ku nyumba zosungira ana ambiri kupyola masabata awiri, kupatula malo ena apadera. Zilolezo zakale zija zinatha mu September 2019.

Nanga kuno kwathu? Sitikuyambira pa cabe. Mu 2003 ku Kalomo kunayambika nchito yoyesera yopatsa ndalama mabanja ovutikitsitsa pafupifupi 1,000, banja lililonse K30,000 ya ndalama zakale pa mwezi. Palibe amene anawauza cogula. Ambiri anali agogo olera adzukulu, ndipo anagula cimanga, sopo, mabulangete ndi zofunika kusukulu, ena mpaka nkhuku ndi mbuzi. Nchitoyo inakula n'kufalikira m'dziko lonse pansi pa unduna woona za citukuko ca m'madera ndi umoyo wa anthu. Mu 2009 bungwe la United Nations linavomereza malangizo onena kuti umphawi paokha usakhale cifukwa cocotsera mwana kwa makolo ake. Ndipo mu 2022 dziko lathu linapanga lamulo la Children's Code Act, limene linasonkhanitsa pamodzi malamulo okhudza ana, kuphatikizapo a kulera mwana wa ena.

Lamulo lilipo, koma lamulo silidyetsa mwana. Tipempha aphungu athu kuti pokambirana bajeti akumbukire zinthu ziwiri. Coyamba, ofesi ya zaumoyo wa anthu pa boma lililonse ikhale ndi ndalama zimene ingagwiritse nchito msanga monga vuto lafikira, kaya ndi lendi ya mwezi umodzi, yunifomu, kapena basi yobwezera mwana wa mumsewu kwa agogo ake kumudzi. Caciwiri, pakhale anchito okwanira ndi mafuta a galimoto kuti banja lothandizidwa liziyenderedwa, ndipo ngwee iliyonse iziwerengedwa poyera. Ufulu pa ndalama popanda oyang'anira ndiwo unaliritsa anthu a ku Florida.

Inunso mafumu, a mipingo ndi ife oyandikana nao, tikaona mwana wa pakhomo lina wayamba kugona ku msika, tikanene ku ofesi ya boma banjalo lisanapasuke.