Mzati wa Magetsi Ukagwa Pakhomo Panu

Ngolo kapena galimoto ikagunda mzati wa magetsi pakhomo panu, musanyengedwe poona kuti nyale zazima. Waya wogwa pansi angathe kupha ngakhale ali cete, pakuti mphamvu yace imayenda m'nthaka momzungulira. Cifukwa cace imani patali mamita 10, ndipo muingitse ana ndi ziweto. Waya akagwera galimoto imene mulimo, khalani momwemo. Koma ikayamba kuyaka, lumphani mapazi ali pamodzi, osakhudza galimoto ndi nthaka nthawi imodzi. Mzatiwo, ngakhale waima pamalo panu, eni ace ndi a ESCOM, ZESCO kapena ZESA. Auzeni msanga zonse monga zacitikira, pakuti kuuimikanso ndi nchito yao, si yanu ai.