Pampu ya m'chitsime, mtima wa mlimi ndi ndalama za dimba

Amene amalima ndiwo zamasamba ku Lilayi amadziwa kuti dimba la m'chilimwe limadalira madzi a pansi pa nthaka. Mzinda wa Lusaka unamangidwa pamwamba pa miyala ya laimu yokhala ndi ming'alu ndi mapanga, ndipo madzi a mvula amasungika m'menemo. Chitsime chachikulu cha Shaft 5, chimene kampani ya madzi ya Lusaka imatungamo madzi otumiza m'makomboni ndi m'mayadi, chili m'dera lomweli. Alimi nawonso anabowoletsa zitsime zawo, zimene kuyambira mu 2018 lamulo limafuna kuti zilembetsedwe ku bungwe la WARMA. Koma madzi apansi sakwera okha. Pakati pa madziwo ndi bedi la repu pali pampu, ndipo ambiri timaikumbukira tsiku limene yaleka kugwira ntchito.

Chaka cha 2024 chinaonetsa zimenezi poyera. Mvula itadula, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti chilalacho ndi ngozi yogwera dziko lonse. Madzi anachepa m'damu la Kariba, ndipo pofika mu September madera ena ankakhala maola oposa 20 pa tsiku opanda magetsi. Magetsi akabwera pakati pa usiku, aliyense ankathamangira kuyatsa pampu kuti thanki idzale asanazimenso. Nyengo yotere ndi imene imapha mapampu. Paja akuluakulu amati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa.

Pampu yomira m'madzi ili ndi mbali ziwiri. Pansi pali mota. Pamwamba pake pali timawilo tosanjikizana, ndipo kalikonse kamalandira madzi n'kuwakankhira ku kanzake mpaka apeze mphamvu yokwera m'paipi. Chitsime chikakhala chakuya, timawiloto timafunika tambiri. Pamutu pa pampu pali vavu imene imalola madzi kukwera koma osabwerera. Ikawonongeka, madzi onse a m'paipi amagwera pansi pampu ikazima, ndipo timawilo timazungulira chobwerera. Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti mota ilibe chikupizo choiziziritsa ngati injini ya galimoto. Imazizira ndi madzi omwewo amene ikutunga, pamene akudutsa m'mbali mwake. Madzi akatsika m'chitsime pampu n'kumangolira pouma, mota imatentha ndi kupsa. Motero kuipumitsa kuti chitsime chibwererenso m'malo si ulesi ayi. Kachipangizo kozimitsa pampu madzi akatha, ndi kena koiteteza magetsi akabwera ofooka kapena opyola muyeso, n'zotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi mota yatsopano.

M'chifuwa mwa mlimi muli pampu ina yakale kuposa imeneyi. Mtima ndi waukulu ngati nkhonya ya mwini wake, uli ndi zipinda zinayi ndi mavavu anayi oletsa magazi kubwerera. Dokotala wa ku England, William Harvey, ndiye anafotokoza mu 1628 kuti magazi amazungulira thupi n'kubwerera kumtima. Munthu wamkulu akakhala phee, mtima wake umapopa malita pafupifupi 5 pa mphindi. Pa tsiku ndi malita oposa 7,000, kuposa thanki ya malita 5,000 imene timainyadira pathandala paja, ndipo umagunda pafupifupi ka 100,000.

Chodabwitsa ndi kadyedwe kake. Ngakhale magazi onse a m'thupi amadutsa m'zipinda zake, mnofu wa mtima sudya kuchokera m'magazi odutsawo. Uli ndi mitsempha yakeyake iwiri, ndipo imeneyi ndiyo nthambi zoyamba kupatuka pa mtsempha waukulu wotuluka mumtima. Magazi asanafike kumutu, kumanja kapena kumiyendo, gawo limodzi mwa magawo pafupifupi 20 lapatukira kale kukadyetsa mtimawo. Komanso mitsemphayi imalandira magazi ambiri pa kamphindi kamene mtima wamasuka pakati pa kugunda kuwiri, osati pamene wafinya. Umodzi ukatsekeka, mbali ya mnofu imene unkadyetsa imayamba kufa, ngakhale kuti m'zipinda magazi ali tho.

Matenda a BP ali ngati kukakamiza pampu kukankha madzi m'paipi yopanikizika usana ndi usiku. Mnofu wa mtima umakhuthala, kenako umatopa, ndipo zaka zimatha munthu osamva kupweteka kulikonse. Muyeso ukamafika 140/90 kapena kupyola pa masiku osiyanasiyana, nkhaniyo ndi ya kuchipatala. Bungwe la WHO limalangiza kuti mchere wa tsiku lonse usafike magalamu 5, ndiko kuti kasipuni kamodzi ka tiyi kosadzaza. Kuyezetsa ku kiliniki sikutenga mphindi zambiri, koma n'zachisoni kuti mlimi amene amazindikira msanga pampu yake ikasintha kaliridwe angathe zaka zisanu osayezetsa BP.

Malonda a dimba nawo amafa imfa yofanana ndi ya mota ija. Mlimi akatengera matimati ku msika wa Soweto, ndalama imene amalandira imaoneka yambiri, koma yambiri mwa iyo ndi yongodutsa. Wa galimoto ali ndi yake, ejenti wa pamsika amadulapo gawo lake, aganyu akudikira, mbewu, feteleza ndi mankhwala a ulendo wotsatira zikufunika. Kunyumba nako kuli zofunika za ana asukulu, odwala, maliro ndi achibale obwera kudzapempha, ndipo palibe chimodzi mwa izi chimene munthu angachitche chopanda pake. Chokhacho chimene sichibwera kudzagogoda pakhomo ndi pampu. Imagwira ntchito mwakachetechete mamita makumi angapo pansi pa nthaka, ikutha pang'onopang'ono, ndipo m'buku la ndalama dzina lake mulibe.

Owerengera ndalama za makampani amalemba kutha kwa zipangizo ngati ndalama yotuluka mwezi ndi mwezi, ngakhale palibe amene waperekedwa kanthu m'manja. Masamu ake si ovuta. Tiyerekeze kuti pampu inagulidwa pa K12,000 ndipo mwini wake akuyembekeza kuti imutumikire zaka zisanu. Ndiye kuti mwezi uliwonse pampuyo ikudya K200. Amene sapatula K200 imeneyo asanawerenge phindu akudya pampu yake limodzi ndi nsima, ndipo adzazindikira mu October, dzuwa lili phwee, matimati ali ndi maluwa, pamene masiku ochepa opanda madzi akwanira kuyoyola maluwawo. Nthawi imeneyo ngongole ya kaloba imabwera ndi chiwongoladzanja chimene dimba silingabweze.

Ena anganene kuti m'chaka chovuta palibe chopatula, ndipo akunena zoona: banja silingagone ndi njala chifukwa cha chitsulo. Koma ndalama ya pampu ikamayembekezera zotsala, sidzapezeka ngakhale m'chaka cha zokolola zambiri, pakuti zotsala pakhomo pa mlimi sizioneka. Iyenera kuchoka pa malonda oyamba, ikasungidwe kumene dzanja silifika msanga, kaya ku gulu losunga ndi kubwereketsa ndalama kapena mu akaunti ya pafoni yosiyana ndi ya tsiku ndi tsiku. Amene anasamukira ku magetsi a sola atavutika mu 2024 awerengerenso bwino, chifukwa tsopano zipangizo zimene zikutha zachuluka: pampu, mapanelo ndi kabokosi koyendetsa magetsi, ndipo chilichonse chili ndi zaka zake ndi mtengo wake.