MMISIRI WOONA SABISA MNG'ALU

Lero tifuna kulingalira pamodzi za ntchito za manja athu ndi za nzeru zathu. Kodi mmisiri amataya ulemu akaulula pamene ntchito yake yapereŵera, kapena akavomera kuti pali china chimene sachidziŵa?

Ife a kuno kunyanja ku Salima bwato timalidziŵa. Wosema akagwetsa mtengo, nthaŵi zina amaupeza uli ndi mng'alu m'kati. Angathe kumata mng'aluwo ndi phula mwakabisira, nkulandira ndalama za bwato langwiro. Angathenso kuitana msodzi ndi kumuloza ndi chala pamene pali pofooka, kuti adziŵe kuti bwatolo nloyendera m'mphepete, osati lopita nalo ku chilumba cha Mbenji. Wachiŵiriyu alandira zochepa, mwinanso anzake amseka. Koma mwera ukayamba kukuntha m'miyezi ya Juni ndi Julayi, chimene woyamba uja adabisa madzi amachipeza, ndipo olipira ake ndi mai wamasiye ndi ana ake.

Pali kubisa kwina kumene sikumiza munthu, koma kumapha luso. Pakati pa ziboliboli zogulitsa kwa alendo pamapezeka zina za mtengo wofeŵa zopakidwa polishi wakuda kuti zioneke ngati za phingo. Wochita zotere akuchita manyazi ndi mtengo umene ali nao, ndipo pang'ono ndi pang'ono amazoloŵera kunyenga, naiŵala kusema.

Tiyeni tsono tione chitsanzo cha pafupi nafe. Kumwera kwa Salima, kupitirira Chipoka, kufupi ndi Mtakataka, kuli Mishoni ya Mua, imene ansembe a chipani cha White Fathers adaikhazikitsa m'chaka cha 1902. Kumeneko, m'chaka cha 1976, Bambo Claude Boucher a ku Canada adayambitsa malo a zaluso a Kungoni. Iwo adali ophunzira ndithu, aluso lojambula, komabe adakhala pansi pamaso pa akuluakulu a m'midzi ya Acheŵa, Angoni ndi Ayao, namafunsa ngati mwana tanthauzo la miyambo, magule ndi miyambi. Sichidali chinthu chapafupi, pakuti kale pakati pa mishoni ndi a gule wamkulu padali udani, ndipo wansembe wofunsa zotere akadatha kukayikiridwa ndi mbali zonse ziŵiri. Koma anthu adaona kuti mlendoyu sadzionetsa ngati wodziŵa zonse, nampatsa mfunda wakuti Chisale.

Osema a ku Kungoni naonso adalimba mtima. Kukadakhala kosavuta kungotengera zifanizo zochokera ku Ulaya, zimene Akhristu adazizoloŵera. Iwo adayamba kusema Ambuye Yezu ndi Amai Maria ndi nkhope za kwathu kuno, pa mitengo ya kwathu kuno, podziŵa kuti ena angaziseke. Mapeto ake ntchito yao idafika kutali, mpaka kukakongoletsa kachalichi ka bungwe la Missio mu mzinda wa Munich ku Germany. A kumeneko sadafune chithunzi cha zimene ali nazo kale; adafuna chimene Mmalaŵi yekha angathe kuchisema.

Mthenga Wabwino utiphunzitsa zomwezi. Pa mutu 5 wa Luka Woyera, Petulo, msodzi wodziŵa ntchito yake, adavomera poyera kuti usiku wonse sadaphe kanthu, ndipo Ambuye adayambira pa ukonde wopanda kanthuwo. Pa mutu 20 wa Yohane Woyera, Ambuye ouka kwa akufa sadabise mabala ao. Tomasi adakhulupirira ataona mabala omwewo.

Komatu tisamve molakwa. Kuulula pofooka sikutanthauza kugwira ntchito mwaulesi nkumati ndi m'mene Mulungu adandilengera. Mmisiri woona amayamba wachita khama mpaka pamene mphamvu zake zalekezera, kenaka nkunena mosabisa pamene zalekezerapo. Sikutanthauzanso kuyala zam'mtima mwathu pamsika. Tiulule kwa amene ayenera kudziŵa, makamaka iye amene moyo wake kapena ndalama zake zidalira ntchito yathu.

Inu akatekisti, wophunzira akakufunsani chimene simuchidziŵa, musapeke yankho. Muuzeni kuti mukafunsa ndipo mudzamuyankha Lamulungu likudzali. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo mphunzitsi wosafunsa amadyetsa phulalo kalasi lonse. Inu anamwino, inu amisiri a nyumba, inu okonza injini za maboti, kunena kuti apa pandipitirira, tiitane wina, si kutaya ntchito ai. Inu opeka nyimbo za kwaya, imbani ndi mau anu ndi ng'oma yanu, ngakhale liu litanjenjemera. Ndipo inu makolo, mwana akabwera ndi mbiya yake yoyamba yokhota, kapena ndi malikisi otsika, musamnyoze, kuopa kuti angaphunzire kubisa asanaphunzire ntchito.

Paulo Woyera adatiyerekeza ndi mbiya zadothi zosungiramo chuma cha Mulungu. Tipemphe Ambuye kuti atichotsere manyazi a dothi limene adatiumbira, kuti amene adzagwiritsa ntchito zotuluka m'manja mwathu adzathe kuzidalira. Amen.