Nyangani M'nyengo Yozizira: Mbali ya Phiri Imene Ambiri Saikwera

SAMANGA, Zimbabwe - Anthu ambiri amene amakwera phiri la Nyangani, lalitali kuposa onse m'dziko la Zimbabwe (mamita 2,592), amadzera kumadzulo, mu Nyanga National Park. Kumeneko msewu umafika patali ndithu m'phirimo, ndipo munthu wamphamvu amafika pansonga m'maola awiri kapena atatu.

Mbali ya kum'mawa, yoyang'anizana ndi chigwa cha Honde, amaikwera ndi ochepa. Chigwachi, komwe kuli Samanga, Hauna ndi minda ya tiyi ya Aberfoyle, chili pa mamita pafupifupi 900, kotero wochokera kumeneko amakwera mamita oposa 1,600 kudutsa m'nkhalango zowirira ndi m'zitunda zoterera.

Miyezi ya Juni ndi Julayi imaoneka ngati yabwino paulendowu chifukwa mvula yamphamvu imakhala itatha. Koma chigwa cha Honde n'chofunda, mpaka nthochi zimabereka chaka chonse, ndipo kufundako kumanyenga. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera, choncho pansonga pamazizira ndi madigiri ngati 10 kuposa m'chigwa, mphepo osaiwerengera. Usiku kumagwa chisanu.

Choopsa kwambiri ndi nkhungu. Mphepo yachinyezi yochokera ku nyanja ya Indian ikawomba phirili imabweretsa nkhungu ndi mvula yowaza imene ku Zimbabwe amaitcha guti. A ku Mulanje ndi Thyolo amaidziwa bwino: ndi chiperoni chomwecho. Pamwamba pa Nyangani m'potambalala, miyala yake n'njofanana, ndipo m'mphepete mwa kum'mawa muli maphompho. Nkhungu ikatsika, njira imasowa m'mphindi zochepa, wonyowa amayamba kufooka ndi kuzizira, pomwe dzuwa la Juni limalowa isanakwane 6 koloko.

Ena adapita osabwerera. Atsikana awiri apachibale adasowa m'phirili mu 1981, ndipo mu Januwale 2014 mlendo wina wa ku Harare adasowanso ngakhale adamufunafuna kwa masiku ambiri.

Amanyika a m'derali amati phirili n'lopatulika, ndipo amalangiza wokwera kuti asaloze kapena kunyoza chachilendo chimene waona. Kaya munthu amakhulupirira zimenezi kapena ayi, wolondolera njira wa konkuno ndiye amadziwa mtambo woyenera kubwererapo.