Za Chidulo ndi Nkhokwe za m'Nthaka

Mayi akafuna kuphika thelele, atapa phulusa la zitsononkho, naliika m'chiwiya chobooka pansi, nathiramo madzi. Madzi amene adontha kunsiko ndiwo chidulo. Madziwo asungunula mchere umene unali m'phulusa, ndipo m'mcherewo muli chinthu chotchedwa potaziyamu. Munthu woyamba kupatula potaziyamu payekha anali Humphry Davy wa ku England, m'chaka cha 1807.

Potaziyamu ndiye chimodzi cha zakudya zazikulu za mbewu. Alimbitsa phesi, nathandiza mbewu kupirira chilala ndi nthenda. Nthochi, chinangwa, mbatata ndi fodya zimfuna wambiri. Chimanga chikamsowa, masamba a m'munsi achita chikasu m'mbali mwake, nauma ngati opserera ndi moto. Mapesi agwa ndi mphepo, ndipo maso a chimanga sadzala kufika kunsonga.

Nthaka isunga potaziyamu m'malo anayi, monga momwe banja lisungira chakudya chake. Malo oyamba ndiwo madzi a m'nthaka. Imeneyi ndiyo mbale imene mizu idyamo tsiku lomwelo, koma muli chakudya chochepa ndithu. Malo achiwiri ndiwo kunja kwa timibulu ta dongo ndi ta zinyalala zoola, pamene potaziyamu akangamira. Limeneli ndilo dengu la ufa, pakuti m'mbale mukachepa, iye amasuka msanga, nalowa m'madzi. Malo achitatu ali m'kati mwa dongo lina, lokhala ndi timagawo topyapyala tosanjikizana ngati masamba a buku. Pakati pa timagawoto potaziyamu atsekeredwa, natuluka pang'onopang'ono. Imeneyi ndiyo nkhokwe. Malo achinayi ndiwo miyala ndi timiyala tonyezimira ta m'dothi. M'nthaka zambiri, pa magawo 100 a potaziyamu, oposa 90 ali m'menemo. Iye afanana ndi chimanga chosacha, chifukwa mbewu sizimpeza kufikira mwalawo utafumbutuka, ndipo ntchito imeneyo itenga zaka zambirimbiri.

Tsono m'maiko otentha nthaka zambiri n'zokalamba. Kutentha ndi mvula yambiri zakhala zikufumbutula miyala kuyambira kalekale, kotero kuti potaziyamu wambiri anapita kale ndi madzi. Dongo la m'katondo, dothi lofiira lija, liribe nkhokwe pakati pa timagawo take, ndipo dengu lake n'laling'ono. Mchenga ugwira pang'ono koposa. Chotero mvula ikagwa yambiri, ichita m'munda zimene madzi achita m'chiwiya cha chidulo: itenga potaziyamu, nimtsitsira pansi pamene mizu sifika. Koma makande, dothi lakuda la m'madambo, amgwira kolimba.

Mbewu nazonso zimchotsa chaka ndi chaka. Potaziyamu amene chimanga chadya, wambiri atsala m'mapesi ndi m'masamba, wochepa ndiye alowa m'maso ake. Ng'ombe ikadya mapesiwo, wambiri atuluka ndi mkodzo. Chifukwa chake mlimi wanzeru afotsera mapesi m'munda, nayala udzu m'khola kuti umwe mkodzo, nabwezera manyowa ndi phulusa la kumoto ku mizere yake. Satentha mapesi, pakuti ngakhale potaziyamu atsala m'phulusa, moto uononga zinyalala zimene zikanaola ndi kukulitsa dengu lija.

Pa thumba la feteleza, nambala yachitatu ndiyo ionetsa potaziyamu. Zaka zambiri alimi a m'Malawi anathira 23:21:0 m'chimanga, wopanda potaziyamu konse. Pambuyo pake kunadza 23:10:5, wokhala naye pang'ono.

Banja longotapa m'nkhokwe, osathiramo, ligona ndi njala mwezi wa February. Momwemonso munda: ukapereka potaziyamu zaka zonse osalandira kanthu, tsiku lina mbale yake idzapezeka yopanda kanthu, ndipo mwini munda adzakolola zitsononkho zokha.