Galu wanu akutsokomola osasiya? Nazi zoyenera kuchita

M'miyezi ya June ndi July, chiperoni chikamawomba mu Blantyre, agalu ambiri olondera pakhomo ku Naperi, Chitawira ndi Soche amagona panja pozizira. Mvula ikatha nthawi yaitali isanagwe, fumbi ndi utsi wa zinyalala zootchedwa zimawonjezera vuto. Galu wanu akayamba kutsokomola, yambani kuwerenga masiku.

Chifuwa chopatsirana pakati pa agalu, chomwe madokotala amachitcha kennel cough, nthawi zambiri chimatha pakadutsa sabata imodzi mpaka zitatu. Panthawiyi musamusakanize ndi agalu ena. Koma akatsokomola pafupifupi tsiku lililonse kwa miyezi iwiri kapena kuposa, akhoza kukhala ndi chifuwa chokhalitsa chotchedwa chronic bronchitis. Njira za mpweya m'mapapo zimatupa ndi kudzaza makhololo. Matendawa amakonda agalu achikulire, makamaka a mitundu ing'onoing'ono.

Pitani naye kwa dokotala wa ziweto

Matenda a mtima, nyongolotsi ndi chibayo nazo zimatsokomoletsa galu, choncho musangoganizira. Dokotala amamvetsera chifuwa, ndipo angafune kujambula X-ray. Mungapite ku ofesi ya boma ya ziweto kapena ku bungwe losamalira nyama la BSPCA. Chifuwa chokhalitsachi sichitheratu, koma chimachepa ndi mankhwala ochepetsa kutupa monga prednisolone, kapena otsegula njira za mpweya monga theophylline. Mankhwala opha mabakiteriya amaperekedwa pokhapokha tizilomboto tapezeka. Ngati galu akupuma movutikira, wasiya kudya kapena nkhama zake zatuwa, musadikire kuti miyezi iwiri ikwane.

Zomwe mungachite pakhomo

Sunthani khola lake kutali ndi mbaula ndi pomwe mumaotcha zinyalala. Muyalireni thumba louma pamalo osawomba mphepo. Unyolo wa m'khosi umafinya kholingo n'kuwonjezera kutsokomola, ndiye gwiritsani ntchito lamba womanga pachifuwa. Galu wonenepa kwambiri amapuma movutika, muchepetsereni nsima ndi zamafuta. Musamupatse Brufen, Panado kapena mankhwala a chifuwa a anthu. Brufen amawononga m'mimba ndi impso za galu, ndipo Panado wochuluka amawononga chiwindi.

Samalani ndi chiwewe

Galu akamaoneka ngati watsamwidwa ndi fupa, akutuluka dovu ndipo khalidwe lake lasintha, musalowetse dzanja m'kamwa mwake. Chikhoza kukhala chiwewe. Akakulumani, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo, monga ku Queen Elizabeth.

Kuyambira 2015, bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu katemera wa chiwewe waulere mu Blantyre. Katemerayu ndi wofunika, koma sateteza ku chifuwa. Funsani dokotala za katemera wina woteteza ku distemper, matenda oopsa omwe nawo amayamba ndi kutsokomola ndi mamina.